Kodi ku Mulanje n'kwa okwera phiri okha?

Mayi wina wa ku Lilongwe walemba kuti: "Ine ndi amuna anga tikufuna kukapumako mlungu umodzi ku Mulanje kapena ku Thyolo. Bambo akunyumba anapuma pantchito, ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo bondo limawavuta, ndiye zokwera phiri sitingathe. Iwo amakonda kukhala pakhonde n'kumaonerera mbalame, ine ndimakonda kulawa zakudya za eni dera. Anzathu akutiseka, ati kupita ku Mulanje osakwera phiri n'kutaya ndalama, ati zoonera mbalame n'za azungu. Tipite liti, tikagone kuti, tikadye chiyani, nanga pali choopsa chimene tiyenera kudziwa?"

Mayi, anzanuwo asakubwezeni m'mbuyo. Ndakhala ndikuperekeza alendo m'nkhalango za Mulanje ndi Thyolo kwa zaka zambiri, ndipo ulendo umene mukuuganizirawu ndi umene ine ndimaukonda kuposa wina uliwonse. Nsonga ya Sapitwa n'njotalika mamita 3,002, ndipo munthu wolowera kumeneko maso ake amakhala pa mwala woti apondepo, ali wefuwefu, mpata woyang'ana m'mitengo alibe. Mbalame zambiri zimene abambo angakondwere nazo zili m'munsi muno, m'mphepete mwa nkhalango, m'makhwawa a m'minda ya tiyi ndi m'mbali mwa mitsinje, malo oti galimoto imafika pafupi. Za azunguzo muzingozimva. Mnyamata aliyense wa kumudzi woyenda ndi legeni m'khosi amadziwa kumene pumbwa amadya, nthawi imene nkhwali imalira, ndi mtengo umene atchete amamangamo zisa. Abambo akuchita zomwezo, kungoti legeni aisiya kunyumba.

Tiyambe ndi nthawi yopitira, chifukwa nyengo ya kuno si ya ku Lilongwe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, kamvula kowaza kodza ndi nkhungu kuchokera mbali ya ku Mozambique, ndipo kakayamba kamatha masiku angapo kosakata. Phiri lonse limabisika, kuzizira kumalowa m'mafupa, mbalame zimangoti zii. Kwa munthu wa bondo lovuta, Juni ndi Julayi ndi miyezi yowawa. M'dzinja namo, kuyambira Disembala mpaka Malichi, dziko limakongola zedi: tiyi amabiriwira, mathithi amadzaza, bowa amakhala mbwee pamsika. Koma tinjira timaterera, mitsinje yochokera m'phiri imasefukira mwadzidzidzi, ndipo tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023. Sindingatumize munthu wachikulire kukayenda m'makhwawa nthawi imeneyo.

Ndikanakhala inu ndikanasankha Seputembala. Chisanu chimakhala chitapita, njira zauma, ndipo mbalame zimayamba kuimba kwambiri poti nyengo yomanga zisa yayandikira. Okutobala nayenso ndi wabwino pa mbalame, popeza zoyendayenda zochokera ku Ulaya zimakhala zikufika, koma kumatentha, ndipo utsi wa moto wolusa umaphimba phiri mwakuti zithunzi sizituluka bwino. Ndi mwezi womwewo umene anthu amasonkhana kwa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Ngati mukufuna kuona tchopa ndi zakudya za Chilhomwe zitayalidwa pamodzi, mwayi ndi umenewo, bola musungitse malo ogona msanga chifukwa amadzaza. Seputembala akakanika, yesani kumapeto kwa Epulo, mvula itangokata, kunja kudakali kobiriwira.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300, choncho tsiku loyamba mugone ku Blantyre, bondo lija liwongoke. Pochoka ku Limbe pali misewu iwiri. Wina umadzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza, ndipo ndi wokhotakhota, wodutsa pakati pa minda ya tiyi. Wina ndi wa Midima, wowongoka ndi wachidule. Popita dzerani wa ku Thyolo, pobwera wa Midima. Ngati muli pa galimoto yanu, thirani mafuta okwanira ku Limbe komweko, mukudziwa mmene nkhani ya mafuta imakhalira kwathu kuno. Ngati muli pa minibasi, musalole kuti abambo akwere kabaza wa njinga yamoto m'misewu yafumbi ya m'maesiteti. Kambiranani ndi wa takisi mmodzi kuti azikutengani ndi kukubwezani.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: musamasamukesamuke. Anthu amafuna kuti mlungu umodzi aone Thyolo, Likhubula, Muloza, Phalombe, mwinanso Zomba, mapeto ake tchuthi chonse chimathera pa kumanga ndi kumasula zikwama. Gonani masiku atatu ku Thyolo, atatu ku Mulanje, basi. Mbalame zili ndi ndondomeko yake. Tsiku loyamba mumangomva mawu osadziwa mwini wake, lachiwiri mumaona nthambi imene amakonda kutera, lachitatu mumakhala mwamudikirira kale asanafike. Munthu wogona usiku umodzi amachoka ali pa tsiku loyamba lija.

Posungitsa malo, musangofunsa mtengo. Funsani kuti kuchokera poimika galimoto kukafika kuchipinda pali masitepe angati, ngati madzi otentha alipo magetsi akathima, ngati pali neti, ndiponso ngati khonde layang'ana kumitengo. Nyumba yakale yozunguliridwa ndi mikuyu iposa loji yonyezimira ya kapinga wometedwa ndi zoimbira zosokosera mpaka pakati pa usiku. Ku Thyolo, esiteti ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, ili ndi nyumba yogona alendo yotchedwa Huntingdon House. Mtengo wake si wa aliyense, ndikuuzirenitu, koma mungathe kugona pa boma kapena chapafupi n'kukonza zokachezako masana, mutawaimbira foni kaye. Ku Mulanje malo alipo pa boma, pa Chitakale ndi ku Likhubula, kumene kulinso malo ogona a mpingo wa CCAP. Maesiteti onse ali ndi eni ake, ndiye musalowe popanda chilolezo, ngakhale geti litakhala lotsegula.

Tsono za mbalame. M'Malawi muno muli mitundu pafupifupi 650, ndipo Thyolo ili ndi ina imene anthu amaikwerera ndege. Yotchuka ndi Thyolo alethe, kambalame kofiirira kumsana, koyera pakhosi, kamanyazi, kokonda pansi pamthunzi. Padziko lonse kamapezeka m'mapiri ochepa a kum'mwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo kali pangozi yoti katha. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse kuti pakhale minda, mwakuti kambalameka katsalira m'tizigawo ta nkhalango timene maesiteti anasunga. Chinsinsi chokaonera ndi linthumbu. Linthumbu likamadutsa limavumbulutsa tizilombo m'masamba ouma, ndiye iko kamatsatira n'kumatola. Mukaona mzere wa linthumbu m'nkhalango, bwererani m'mbuyo mapazi angapo, lowetsani buluku m'sokosi, khalani chete n'kumayang'ana tinthambi ta m'munsi. Mukaimirira pamzere pomwepo mudzavina gule wosakonzekera.

Kumtunda kwa mitengo yomweyo kuli green-headed oriole, yachikasu, ya mutu wobiriwira ndi mlomo wofiira, ya mawu ozuna. Kulinso white-winged apalis, yaing'ono, yosakhazikika, yopweteketsa khosi poifunafuna. Zimenezi zimafuna mwayi ndi mperekezi wodziwa. Koma zilipo zina zosavuta zimene ndikudziwa kuti abambo adzazikamba chaka chonse. Nkhulukulu mudzaimva isanaoneke, mawu ake okhakhala, obwerezabwereza. Ikakhala m'masamba n'njobiriwira mwakuti diso limaidumpha, imathamanga panthambi m'malo modumpha, koma ikangotambasula mapiko mumaona kufiira ngati makala a moto. Ndiye pali silvery-cheeked hornbill, chimbalame chachikulu chakuda ndi choyera, cha chisoti chotuwa pamlomo, chimene mapiko ake amamveka chikamadutsa pamwamba panu.

Kaonedwe kake n'kosavuta. Dzukani kusanache, pofika 5:30 mukhale muli pamalo, ndipo ikamakwana 9 koloko ntchito yatha, kadyeni kadzutsa. Masana gonani, werengani, kalaweni tiyi. Cha m'ma 4 koloko madzulo tulukaninso. Valani zovala zosawala, dzuwa likhale kumsana kwanu, ndipo tengani kampando kopinda. Funsani alonda kapena anyamata a m'deralo kuti mkuyu kapena kachere amene wapsa zipatso ali pati. Mukaupeza, simufunikanso kuyenda: njiwa, apumbwa, nkhulukulu ndi zina zimabwera zokha, mosinthana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo abambo, poti anazolowera kale pakhonde, adzaposa achinyamata ambiri amene ndayenda nawo, amene mphindi zisanu zikatha ayamba kale kutokosa foni.

Magalasi oonera patali amathandiza, ndipo olembedwa 8x42 kapena 8x32 ndi okwanira. Aja a pamsewu olembedwa manambala akuluakulu amanjenjemera m'manja ndipo amapweteketsa mutu. Mukapanda kupeza, bwerekani. Aperekezi ena amakhala nawo. Pafoni mungathe kuikapo Merlin, pulogalamu yaulere yothandiza kuzindikira mbalame, muikiretu muli ku Lilongwe kumene intaneti ndi yodalirika. Chimodzi chokha: aperekezi ena amaliza mawu a mbalame pafoni kuti ibwere pafupi. Kamodzi n'kopiririka, koma kubwerezabwereza nthawi ya zisa kumachotsa mbalame pa mazira. Mukaona zikunyanya, muuzeni mwaulemu kuti zakwana. Mukafuna mperekezi wa mbalame weniweni, osati wongodziwa njira, funsani kumalo kumene mwagona, kapena a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi musananyamuke.

Ku Mulanje zinthu zimasintha. Ku Likhubula mitengo yake ndi ya miombo ndi masuku, yotalikirana, mwakuti mbalame zimaoneka mosavuta kusiyana ndi m'nkhalango yowirira. Pamiyala ya mumtsinje yang'anani mountain wagtail, kotuwa, ka mchira wautali kamene sikaleka kuugwedeza. Pa maluwa pamakhala asongwe. Dzuwa likakwera kwezani maso kumatanthwe a Chambe: kumauluka makungubwe a khosi loyera, ndipo tsiku lamwayi chiwombankhanga chakuda chimazungulira osakupiza mapiko. Ilipo ina, yellow-throated apalis, yopezeka m'Malawi mokha, pa mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa. Imakonda nkhalango za m'mwamba, ndiye mukapanda kuiona musadandaule.

Aliyense adzakuuzani kuti mukafike pa Dziwe la Nkhalamba. Ndi pokongoladi, koma njira yake n'njokwera, ndipo munthu wamphamvu amayenda pafupifupi ola lathunthu. Bondo lovuta silidandaula kwambiri pokwera, limadandaula potsika, pamene munthu watopa kale. Yambani mwalembetsa ku ofesi ya zankhalango, mutenge mperekezi wovomerezeka, mumuuze za bondo ndi za kuthamanga kwa magazi musanayambe, ndipo mugwirizane kuti abambo akati pano pakwana, pakwanadi. Maiwe a m'munsi nawonso ndi abwino kukhalapo ndi botolo la tiyi. Za kusambira, ine ndimaletsa amene sadziwa bwino: madzi ake ndi ozizira kwambiri, miyala n'njoterera, ndipo anthu amirapo. Mvula ikagwa pamwamba pa phiri madzi amafika m'munsi kuli dzuwa, choncho mukaona akusintha mtundu kapena akubwera ndi zinyalala, chokani msanga.

Pamenepo mudzakumana ndi ogulitsa timabokosi ndi ndodo zonunkhira za mkungudza. Fungo lake limakopa, koma mtengo umenewu, umene ndi mtengo wa fuko lathu ndipo mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akubzala wina, koma umakula mochedwa. Ndodo yoyendera abambo ikhale ya mtengo wina.

Tibwere kwa inu, mayi, ndi nkhani ya m'mbale. M'maloji ambiri adzakupatsani tchipisi ndi nkhuku yoyera, zomwe mwazisiya ku Lilongwe. Lankhulani ndi wophika dzulo lake, mumuuze kuti mawa mukufuna nsima ya mgaiwa, nkhuku ya lokolo, nkhwani wotendera kapena chisoso. Ambiri amakondwa, chifukwa n'zimene amaphika kwawo. Ngati n'kotheka pitani naye kumsika. Pa Bvumbwe imani mugule masamba ndi zipatso. Msika umenewu ndi umene umadyetsa Blantyre. Ku Mulanje funani chinanazi. Chakupsa bwino chimanunkhira kutsinde, chimalemera m'manja, ndipo wogulitsa wodzidalira amakusendera pomwepo kuti ulawe. Mapeyala a kuno ndi aakulu ndi onona, koma ali ndi nyengo yake, chakumapeto kwa dzinja ndi miyezi yotsatira. Nthochi za ku Thyolo, zimene kale zinkadzaza malole, zinachepa chifukwa cha matenda a chisaka, ngakhale alimi akubzala zina. Mukazipeza, zitumbuwa zake zotentha ndi tiyi wa m'mawa sizisowa ndiwo.

Zakudya zimene simuyenera kubwerera osalawa ndi za Chilhomwe. Nandolo ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku kuno, ndipo wamuwisi, wongothyola kumene, amakoma mosiyana ndi wouma amene mumagula m'thumba. Pali makaka, chinangwa choumitsa chimene amachiphika mpaka chifewe, nthawi zambiri pamodzi ndi nandolo yemweyo. Matemba ouma a ku nyanja ya Chilwa amafika kudzera ku Phalombe. Ndiye pali kalongonda. Nyemba imeneyi ndi m'bale wake wa chitedze, ndipo ili ndi mphamvu yake: ikapanda kuphikidwa mokwanira imachititsa chizungulire, nseru ndi kusanza. Amayi a kuno amaiwiritsa nthawi yaitali, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, ntchito yotha tsiku ndi nkhuni zambiri. Musagule yaiwisi kuti mukayesere kwanu. Idyani yophikidwa ndi mayi wodziwa, muyambe ndi pang'ono, ndipo abambo, poti ali pa mankhwala, angolawa chabe. Chimodzimodzi bowa: gulani kwa amayi amene amathyola chaka ndi chaka, osatola nokha m'nkhalango.

Tiyi naye mumupatse tsiku lake. Analowa m'dera lino kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mpaka lero ndi amene amalemba ntchito anthu ambiri ku Thyolo ndi ku Mulanje. Othyola amatenga nsonga yokha, masamba awiri ndi kamphukira, n'kuponya m'dengu la kumsana. Ku fakitale masambawo amawafotetsa, kuwadula, kuwasiya kuti asinthe mtundu, kenako kuwaumitsa. Polawa amakuikirani makapu pamzere, opanda shuga ndi mkaka, ndipo ambiri aife timadabwa kuti tiyi amene tamwa moyo wonse sitinamumvepo kukoma kwake kwenikweni. Mukakumana ndi othyola m'munda, apatseni moni, ndipo musawajambule musanapemphe. Ali pantchito yolemetsa ya malipiro ochepa, si zokongoletsa malo.

Za umoyo ndisazengereze. Musananyamuke abambo akaonane ndi adokotala awo, awayeze magazi, awauze za ulendowu, ndipo atenge mankhwala okwanira masiku onse ndi ena apadera, m'chikwama cha m'manja. Nsomba zouma ndi kanyenya zimakhala ndi mchere wambiri, ndiye azidya mosamala. Akamva kupweteka pachifuwa, kubanika, mutu waukulu wadzidzidzi, dzanzi mbali imodzi kapena lilime kulemera, musadikire kuti kuche ndipo musayambe ulendo wobwerera ku Lilongwe: thamangirani kuchipatala chapafupi. Ku Mulanje kuli chipatala cha boma ndi cha Mulanje Mission, ku Thyolo kuli cha boma ndi cha Malamulo ku Makwasa. Bondo likatupa kapena likakana kuponda, ulendo wa m'nkhalango uthere pomwepo, mbalame azionera pakhonde.

Madzi akumwa akhale a m'botolo, owiritsa kapena othira mankhwala, zipatso muzitsuka kapena kusenda nokha, ndipo thobwa mugule pamalo pamene mwaona ukhondo wake. Kutsegula m'mimba kwa madzimadzi kukayamba, imwani thanzi ORS muli m'njira yopita kuchipatala, chifukwa kolera sachedwa kufooketsa munthu. M'madzi odekha a kumunsi, m'madamu ndi m'madambo, musalowemo, muli likodzo. Udzudzu ulipo ngakhale kukuzizira, choncho neti ndi ya usiku uliwonse. Wina akatentha thupi muli komweko, kapena patapita mlungu umodzi kapena iwiri mutabwerera, akayezetse malungo tsiku lomwelo, ndipo muwauze achipatala kumene munali.

Pa ndalama, mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, ndiye imbani foni mufunse ya lero, ndipo ya mperekezi ndi ya takisi mugwirizane musananyamuke. Funsaninso ngati pali mtengo wa Amalawi, chifukwa malo ambiri ali nawo koma sautchula ukapanda kufunsa. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito pa boma ndi pa Chitakale, koma kumsika ndi m'makhwawa netiweki imathawa, choncho m'thumba mukhale ndalama zing'onozing'ono zogulira chinanazi ndi zothokozera mnyamata amene wakulozerani mkuyu.